WSM: wailesi ya kampani ya inshuwalansi yomwe inakweza nyimbo za country

Aliyense amene anakulira pafupi ndi wailesi m'Malawi muno amawadziwa mawu a Jim Reeves ndi a Dolly Parton. Awiriwa anadutsa pakhomo limodzi, pulogalamu ya Grand Ole Opry ya pa wailesi ya WSM, mumzinda wa Nashville ku Tennessee, m'dziko la America. Reeves analowamo mu 1955, Parton mu 1969.

Eni ake a khomolo anali amalonda a inshuwalansi. Kampani ya National Life and Accident Insurance ndiyo inatsegula WSM pa 5 Okutobala 1925, Edwin Craig, mwana wa mmodzi wa akuluakulu ake, atalimbikira kuti wailesi ithandiza malonda. Makasitomala a kampaniyi anali anthu wamba, akuda ndi azungu omwe, olipira tindalama tochepa mlungu ndi mlungu kwa munthu wogogoda pakhomo.

Patangotha mwezi, anatenga muulutsi George D. Hay kuchokera ku wailesi ya WLS ku Chicago. Pa 28 Novembala chaka chomwecho, Hay anaika pa maikolofoni mkulu wa zaka 77, Uncle Jimmy Thompson, kuti alize vayolini yake monga amalizira kumadansi a kumudzi. Makalata oyamikira anafika ambiri, ndipo Loweruka lililonse usiku linasanduka la oimba a kumidzi. Dzina loti Grand Ole Opry linabwera mu 1927.

Anthu apamwamba a mu Nashville sanakondwere nazo. Mzinda wawo ankaunyadira kaamba ka masukulu ake, ndiye nyimbo za alimi zinkawachititsa manyazi. Kampani sinawamvere, poti amene ankamvetsera nyimbozo ndi omwewo ankagula inshuwalansi. Wogulitsa akafika pakhomo pa munthu wosamudziwa, ankangotchula Opry, macheza n'kuyambika. Ndimaona kuti chinsinsi chonse cha WSM chagona pamenepa: nyimbo za anthu osauka zinapeza pokhala chifukwa wina anazindikira kuti osaukawo ndi ochuluka, ndipo tindalama tawo tikaphatikizana n'chuma.

Mu 1932 wailesiyi inakweza mphamvu kufika mawati 50,000, n'kuimika nsanja yotalika mamita oposa 260 ku Brentwood. Usiku, mawu a pa 650 AM ankamveka m'zigawo zambiri za America mpaka ku Canada. Ofuna kuonera ndi maso anachuluka moti pulogalamu inkangosamukasamuka, kufikira inakhazikika mu holo ya Ryman mu 1943, momwe inakhala mpaka 1974. Woimba Roy Acuff anali atalowa kale mu Opry mu 1938, Bill Monroe mu 1939, ndipo Hank Williams anadzagwedeza Ryman mu 1949. Amisiri atatu a pa wailesiyi ndiwo anatsegula situdiyo yojambulira nyimbo ya Castle, makampani a malekodi n'kuyamba kukhamukira ku Nashville. Ngakhale dzina la mzindawu loti Music City linachokera pakamwa pa muulutsi wa WSM, David Cobb, mu 1950.

Mbiriyi ili ndi chilonda chimene sindingachilumphe. Mmodzi wa akatswiri oyambirira a Opry anali munthu wakuda, DeFord Bailey, woimba hamonika, kachida kouzira pakamwa. Nyimbo yake yotsanzira kulira kwa sitima ya pamtunda inkakondedwa kwambiri, ndipo oimba achizungu akamapita kukaimba m'matauni ena ankamutenga kuti akope anthu. Komatu akafika kumeneko, malamulo a tsankho sankamulola kudya kapena kugona malo amodzi ndi anzakewo. Mu 1941, pa nthawi ya mkangano wa nyumba zoulutsira mawu ndi bungwe loona za umwini wa nyimbo la ASCAP, WSM inamuchotsa ntchito, ndipo Hay anadzalemba kuti Bailey anali waulesi. Munthu amene anathandiza kuutsa pulogalamuyi anakhala zaka zambiri akupukuta nsapato za anthu mumzinda womwewo. Anamwalira mu 1982, ndipo ulemu womuika mu Country Music Hall of Fame unabwera mu 2005, iye ali kale m'manda. Zimenezi zimandiwawa.

Chodabwitsa china n'chakuti kwa zaka zoposa 50, WSM sinali ya country yokha. Inkaulutsa nkhani, masewero ndi nyimbo zamitundumitundu. Country inkalamulira Loweruka komanso pakati pa usiku, pomwe Ralph Emery, kuyambira mu 1957, ankachezera ndi oimba, madalaivala a mathiraki akumvetsera ali pamsewu. Inadzakhala ya country usana ndi usiku cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970.

Mu 2002, kampani ya Gaylord, yomwe inali itagula wailesiyi, inaganiza zoisandutsa ya nkhani zamasewera poona kuti ndalama zikuchepa. Omvera ndi oimba anakana kwamtuwagalu, ena mpaka anakachita zionetsero panja pa maofesi ake. Eni ake anabwerera m'mbuyo, ndipo mu 2025 WSM inakwanitsa zaka 100 ikuulutsabe Grand Ole Opry Loweruka lililonse.