Ndeke Imene Inagona M'nyanja Zaka 45

Ku Weybridge, pafupi ndi London m'dziko la England, kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale yochedwa Brooklands Museum. M'menemo muli ndeke yoponya mabomba ya mtundu wa Wellington, nambala yake N2980. Inapangidwa pa malo omwewo m'caka ca 1939, pamene inayamba Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, nkhondo ija imene asilikari akwathu anakamenya ku Somaliland ndi ku Burma.

Itapita kunkhondo maulendo 14, ndekeyi anaipereka kwa anyamata ophunzira nchito ya m'mlengalenga. Pa 31 December 1940 inali kuuluka pamwamba pa dziko la Scotland ndi anthu 8, ndipo injini imodzi inazima pakati pa mkuntho wa cisanu. Anthu 6 analumpha ndi maparachuti. Mmodzi wa iwo, mnyamata woombera mfuti kumcira, anafa cifukwa parachuti yake siinatambasuke bwino. Oyendetsa awiri anatsitsira ndekeyo pa nyanja ya Loch Ness, napalasa kabwato ka mphira mpaka kumtunda. Ndeke inamira.

Anthu a kumeneko ali ndi nthano yakuti m'nyanjamo mukhala cirombo cacikuru. M'caka ca 1976 anthu a ku America anadza ndi makina ofufuzira pansi pa madzi kuti acipeze. Cirombo sanacione, koma anapeza ndeke iri gone pa mamita 70 kucokera pamwamba. Anaivuula mu September 1985. Atapukuta matope nalumikiza batire, nyali ya kumcira inayaka.

Thupi la Wellington linali la tizitsulo tolukana monga nsungwi za nkhokwe, ndipo pamwamba anali kukutapo nsalu. Luso limeneli linali la Barnes Wallis. Cifukwa ca kulukana kumeneku, ndeke zambiri zinali kubwerera kwao ngakhale zitabooledwa ndi zipolopolo. Okonza ku Brooklands anasiya mbali zina zosakuta, kuti alendo aone malukidwewo ndi maso ao.

Mwa ndeke za Wellington zoposa 11,000 zimene zinapangidwa, zathunthu zatsala ziwiri cabe. Zambiri zinathera kunkhondo, zina anaziphwanya ndi kuzisungunula nkhondo itatha. Inu awerengi, mendulo, cisoti kapena kalata ya agogo amene anapita kunkhondo musagulitse kwa ogula zitsulo kapena kutaya kudzala. Adzukulu adzafunsa za nkhondoyo, ndipo mudzafuna cowaonetsa.