Anyamata a skateboard adakana kusamuka ku London

Inu a mumsika mukudziwa mmene mtima umadumphira bwana wa khonsolo akatulukira ndi pepala, nkumati malo ano tikufuna tikonze, inu musamukire uko. Zoterezi zidawaonekera achinyamata a mumzinda wa London mchaka cha 2013, koma iwo adakana kwamtuwagalu.

Nkhani yake ndi ya malo ochitirapo masewero a skateboard, kathabwa ka timateyala tinayi kaja munthu amaimapo nkumatsetsereka. Malowa ali kunsi kwa holo ya zoimbaimba ya Queen Elizabeth Hall, mphepete mwa mtsinje wa Thames. Holoyi idatsegulidwa mu 1967, ndipo kunsi kwake kudatsala bwalo la simenti lokhala ndi zipilala, masitepe ndi motsetsereka. Mzaka za m'ma 1970 anyamata adalitulukira nayamba kuseweramo ulele. Panalibe geti, panalibe wodulitsa tikiti.

Koma nyumba imakalamba ngati munthu. Pofika 2013, bungwe loyang'anira malowa la Southbank Centre lidati holoyi ndi nyumba zina zoyandikana nayo zatha, zikufunika kukonzedwa. Ntchito yonse imafuna mapaundi 120 miliyoni. Nanga ndalama zichokera kuti? Akuluakuluwo adaona kuti bwalo la anyamata silibweretsa ngakhale khobidi, choncho adaganiza zomangapo mashopu ndi malesitilanti kuti lendi yake ithandize. Anyamatawo adawalonjeza bwalo latsopano kunsi kwa mlatho wa Hungerford, chapafupi pomwepo.

Tisanamizane, masamu a mabwanawo anali omveka. Aliyense wa geni amadziwa kuti benchi yosalowetsa ndalama ndi katundu wolemera. Koma amadziwanso kuti malo sasamuka ndi mbiri yake. Mutha kumpatsa munthu shedi yamakono, koma makasitomala adazolowera pansi pa mtengo paja. Anyamatawo ankanenanso chimodzimodzi: bwalo lomwe adalipeza okha nkulisunga zaka 40 silingafanane ndi lochita kuwajambulira muofesi.

Sadathamangire kugenda. Poti mutu umodzi susenza denga, adakhazikitsa gulu lotchedwa Long Live Southbank. Adaika tebulo pabwalo pomwepo, tsiku ndi tsiku, kusainitsa odutsa. Anthu oposa 100,000 adalowa gululi, ndipo makalata zikwizikwi otsutsa mapulaniwo adasefukira ku khonsolo ya Lambeth. Mu January 2014 yemwe anali mfumu ya mzinda wa London panthawiyo, a Boris Johnson, adanena poyera kuti bwalolo lisachoke. Apa mabwana aja adagwa mphwayi. Mu September chaka chomwecho mbali ziwirizi zidasainirana pangano la lamulo loti malowo akhalabe a masewerowa. Holo ija idakonzedwabe ndi ndalama zochokera kwina, ndipo idatsegulidwanso mu 2018.

Chomwe ambiri amaiwala ndi chimene chidachitika atapambana. Mbali yaikulu ya bwaloli idali itatchingidwa kale cha m'ma 2004, ndipo kuti itsegulidwenso pamafunika simenti yatsopano, magetsi ndi amisiri. Anyamatawo sadakhale pansi. Adagwirana manja ndi bungwe lomwe ankakangana nalo lija, nayamba kusonkhetsa: kugulitsa malaya ndi matabwa a skateboard, kupempha makampani ndi anthu akufuna kwabwino. Adapeza mapaundi oposa 1 miliyoni, ndipo mu July 2019 mbali ina ya chigawo chotsekedwacho idatsegulidwa.

Mawu oti "ndalama zokonzera palibe" nthawi zina amakhala oona, ndipo kukuwa kokha sikumata ming'alu ya simenti. Anyamata a ku London adachita ziwiri: adalemba maina kuti awerengedwe, kenaka adapisa m'thumba kuti malowo akonzedwe. Lija likadakhala gulu la munthu aliyense payekhapayekha, bwenzi lero pamalo paja pakugulitsidwa khofi.