NSOMBA ZA MANJA NDI NSOMBA ZA MAKINA

Pa Boma la Luangwa, limene kale dzina lake linali Feira, pamafika mitolo ya nsomba zouma zocokera ku Zumbo, tsidya la Mozambique. Zambiri zigwidwa m'nyanja ya Cahora Bassa, imene inayamba kudzala m'caka ca 1974. Malori azitengera ku Lusaka, ndipo zina zipitirira kufikira ku Kasumbalesa, pa malire a Congo.

Nsomba youma ipita m'manja ambiri. Wina apalasa bwato naponya ukonde, wina atumbula, wina athira mcere, wina ayanika ndi kutembenuza, winanso amanga mtolo. Zipangizo nzocepa: bwato, ukonde, mpeni, mcere ndi dzuwa. Cimene wogula alipira makamaka ndico thukuta la anthu.

Ku Lusaka komweko kugulitsidwanso nsomba ya ku Namibia, dzina lake horse mackerel. Iyo igwidwa ndi zombo zazikuru za ku Walvis Bay, zokhala ndi makina oziziritsa nsomba kufikira ziuma gwa ngati mwala. Kumeneko anthu owerengeka adzaza malori ambiri, koma ndarama zogulira combo cimodzi mudzi wonse sungazipeze.

Akatswiri awiri a ku Sweden, Eli Heckscher m'caka ca 1919 ndi wophunzira wake Bertil Ohlin m'caka ca 1933, analongosola kuti malonda a maiko ayenda motero. Kumene kwacuruka manja, nchito ya manja icipa, ndipo kutuluka katundu wofuna manja. Kumene kwacuruka ndarama ndi makina, kutuluka katundu wofuna makina. Ncifukwa cake msodzi wa pa Zambezi agulitsa nsomba zoyanika, koma injini ya bwato lake icokera kutali, monga ku Japan kapena ku China.

Lamuloli silikwana ponse. Zambia ali ndi manja ambiri, komabe cimene atumiza kunja koposa ndico mkuwa, wokumbidwa ndi makina a mtengo wapatali. Pakuti mkuwa uli pansi pomwepo, ndipo ndarama ziutsata kucokera kunja.

Pa nsomba, manja ali ndi mwai umodzi. Nsomba yozizira ifuna magetsi njira yonse, ndipo magetsi akazima iola msanga. Yamcere iyenda masabata pa lori yopanda firiji, nifika m'midzi imene inzake siingafike. Koma mwaiwo utayika ngati woyanika aumira mcere kapena amanga mtolo nsomba zisanaume. Mphutsi zikalowa, wogula wa ku Congo atsitsa mtengo wa mtolo wonse.