Ba bosi, musalengeze kumene mukagona

Mukafika pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda mudzawaona: suti yosita bwino, cikwama ca laputopu, foni m'manja. Asanakwele n'komwe ajambula kale tikiti, aika pa Facebook kuti "Joburg tabwela". Madzulo ciliko cithunzi cina, dzina la hotela lionekela kumbuyo. Anzao aombela m'manja. Vuto ni lakuti si onse oona zithunzizo amene ni anzanu.

Pa 11 October 2018, kuseni-seni, Mohammed Dewji, mkulu wa kampani ya MeTL komanso mmodzi wa anthu olemela kwambili mu Africa, anafika pa hotela ya Colosseum ku Dar es Salaam kukacita maseŵela olimbitsa thupi. Anthu a mfuti anamugwila panja pomwepo, n'kumuponya m'motoka. Banja lake linalonjeza ndalama za ku Tanzania zokwana 1 biliyoni kwa aliyense wodziŵa kumene ali. Anabwelela kunyumba pa 20 October, wamoyo.

Onani bwino apa. Uyu sanali mlendo, anali m'tauni yake. Cimene cinamupeleka ni cizoloŵezi: malo amodzi-modzi, nthawi imodzi-modzi. Akuba anthu sacita mwangozi. Amayamba akuonelelani masiku angapo, kuti mumacoka nthawi yanji, mumakwela motoka iti, mumadya kuti. Manje ngati munthu wa kwao komweko anagwidwa, nanga imwe amene simudziŵa na mseu wopita ku polisi?

Ku Maputo nkhaniyi yakhala cilonda kuyambila ca m'ma 2011. Bungwe la amalonda la CTA linanena mu 2024 kuti amalonda pafupifupi 150 anabedwa m'zaka 12, ndipo ena pafupifupi 100 anacoka m'dzikolo cifukwa ca mantha. Ambili amagwidwa pa khomo la sitolo kapena la nyumba, masana dzuŵa likuswa mtengo. Ku South Africa apolisi analemba milandu ya kuba anthu yopitilila 17,000 m'caka ca 2023/24, ndipo yoposa theka inali ku Gauteng, kumene kuli Johannesburg na Pretoria, kumene ife timapita kukaoda katundu na kukasaina mapepa.

Koma musaganize kuti yonseyi ni ya mamiliyoni a dipo. Yambili imayamba monga kulanda motoka kapena umbava wamba. Akutsekelani m'motoka maola angapo, mfuti m'nthiti, akuuzani kutsegula app ya banki na kutumiza zonse, mwinanso kuzungulila namwe pa ma ATM. Apa safunsa ngati ndimwe managing director kapena mai wogula nsapato zokagulitsa ku Kamwala. Foni imene mumanyadila ija ndiyo kiyi ya ndalama za kampani. N'cifukwa cake ena akamayenda amanyamula foni ina yopanda ma app a akaunti yaikulu, na khadi lokhala na ndalama zocepa cabe. Muuzenso banki itsitse malile a ndalama zotuluka pa tsiku.

Malo oyamba oopsa ni pofikila. Ku OR Tambo yadziŵika kale njila ya akawalala yolondola munthu kucoka pa bwalo la ndeke mpaka pa geti ya kumene akagona. Conde, musakwele motoka ya munthu wongokukodolani kuti "taxi, boss". Dalaivala akhale wotumidwa na hotela kapena kampani imene mukakumana nayo, ndipo dzina lake na nambala ya motoka muzidziŵe mukali ku Lusaka. Cikwangwani cokulandilani cisalembedwe dzina la kampani na udindo wanu. Aliyense angacikopele n'kuima patsogolo. Ngati ni Uber kapena Bolt, yang'anani nambala musanatsegule citseko. Gautrain imafika ku Sandton m'mphindi pafupifupi 15, ndipo palibe manyazi bosi kukwela sitima.

Ine cimene cimandidetsa nkhawa kwambili ni "dilu yabwino". Munthu mwadziŵana naye pa WhatsApp cabe, akuti ali na makina kapena mathilaki ochipa, bwelani na ndalama m'manja. Tsiku la msonkhano asintha malo, akuti tikumane ku nyumba ina, ndikutumizilani motoka. Apo kanani. Msonkhano woyamba ucitikile pa hotela yanu kapena pa ofesi imene mwaifufuza mwekha, masana, ndipo wina kwanu adziŵe kuti muli kuti mpaka nthawi yanji.

Zikacitika ndithu, akatswili a zacitetezo amagwilizana pa cimodzi: musalimbane na munthu wa mfuti, ndipo musalonjeze ndalama zimene banja silingapeze. Nchito yokambilana ni ya ali kunja. Ndiye musananyamuke, siyani kwa akazi anu kapena amuna anu kope la pasipoti, dzina la hotela, nambala ya ofesi ya kazembe wa Zambia ku Pretoria, Maputo kapena Dar es Salaam, na nambala ya apolisi a kumeneko. Ku South Africa ni 10111. Mugwilizanenso funso limene yankho lake mulidziŵa ndimwe mwekha, monga dzina la galu wa kumudzi muli mwana. Tsiku lina foni ikalila usiku munthu n'kunena kuti ali namwe, a kunyumba asatumize ngakhale ngwee imodzi asanamve yankho limenelo.