Katundu Akakhala Woipa, Mudzabwerera kwa Yani?

Mayi wa ku Bangwe, Chilomoni kapena Machinjiri amene akukonzekera Sabata ali ndi njira zitatu zogulira zofunika pakhomo. Akhoza kupita pa okala ya pafupi ndi pamsika, akhoza kukwera minibasi kupita ku sitolo zikuluzikulu monga Chipiku, Sana kapena za ku Chichiri, apo ayi akhoza kungotsegula WhatsApp, kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba n'kudikira wakabaza. Chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambirife timangofunsa kumene kuli kotchipa. Funsolo ndi loyenera, koma pa zinthu zolowa m'thupi pali lina loliposa: katunduyu akakhala woipa, ndidzabwerera kwa yani?

Pa zakudya zimene diso ndi dzanja zingaweruze, msika sulephera. Mbale yathu imadalira nyemba, nandolo, khobwe, mtedza, bonongwe, chisoso ndi nkhwani, ndipo izi mu msika wa Limbe, wa Ndirande kapena wa Lunzu mumazipeza zatsopano. Masamba ambiri ofika mu mzinda muno amachokera cha ku Bvumbwe, atathyoledwa dzulo lake. Nyemba mumazigwira, mumaona ngati zafumbwa, mumafunsa ngati ndi za chaka chino. Mayi amene mumamugula sabata ndi sabata amadziwa kuti akakupatsani nyemba zosapsa, mawa mubwera kudzamuuza pamaso pa anzake. Amakuikiraninso basera, ndipo mwezi ukafika pakati amakukongozani. Pa kauntala ya supamaketi palibe amene angakulembeni m'kope.

Mtedza wokha umafuna maso awiri. Ukauma mosakwanira kapena ukasungidwa pachinyontho umachita chuku, ndipo chukucho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi pang'onopang'ono ndipo amathandizira kupinimbira kwa ana. Kukazinga sikumuchotsa. Mtedza wosasinja mungathe kuusankha, n'kutaya wofota, wobooka ndi wakuda. Koma nsinjiro zogula zosinjasinja ndi chiponde cha m'botolo lopanda dzina, simungadziwe kuti mudalowa mtedza wotani. Ife amene sitidalira nyama timadya mtedza wambiri kuposa anzathu, choncho nkhaniyi ndi yathu kwambiri. Gulani mtedza wathunthu mukasinje nokha, kapena gulani chiponde chokhala ndi dzina la wopanga ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards.

Apa m'pamene sitolo zikuluzikulu zimapambana. Pali zinthu zimene ubwino wake suoneka ndi maso. Malamulo a dziko lino amafuna kuti mafuta ophikira ndi shuga zikhale ndi vitamini A, ndipo mchere ukhale ndi ayodini, amene amateteza ku chithokomiro ndi kuthandiza ubongo wa mwana kukula. Vitamini A amatha mphamvu ndi kuwala kwa dzuwa, ndipo ayodini amauluka mchere ukakhala poyera. Tsono mafuta oyeza a m'timapepala, amene akhala pa benchi tsiku lonse, ndi mchere wa pamulu, zingaoneke zabwinobwino koma zitaluza chimene mumachifuna. Ndikudziwa kuti si aliyense angakwanitse botolo la malita awiri nthawi imodzi. Mabanja awiri kapena atatu a mu mpingo umodzi angasonkherane, mmodzi n'kukagula, n'kugawana. Ndalama ya minibasi imatuluka kamodzi. Mukafika, werengani tsiku lothera ntchito, makamaka pa katundu wotsitsidwa mtengo, ndipo lisiti musataye. Ndi lisitilo limene mungabwezere katundu, kapena kukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission.

Komabe musaganize kuti sitolo yaikulu ndi thanthwe. Ambirife tidakula tikugula buledi ku PTC, lero zitseko zake n'zotseka. Mu 2025 kampani ya Shoprite ya ku South Africa idalengeza kuti ikugulitsa sitolo zake za m'Malawi. Muonenso mmene amayalira katundu: maswiti, mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera zimakhala polipirira, pamene mwana watopa ndipo inu mwatulutsa kale chikwama.

Za pa intaneti ndiye zimafuna mtima wodekha. Kuno kwathu malonda ambiri otere si a sitolo yodziwika, ndi munthu chabe wokhala ndi tsamba la Facebook ndi nambala ya foni. Ambiri ndi achilungamo, ena ndi abale athu a mu mpingo amene akuphunzitsira ana bizinesi yomweyo. Nsapato, nsalu kapena mapoto, ngati mwagwirizana zolipira katundu akafika, palibe chovuta, bola muneneretu kuti asabwere Loweruka, chifukwa wakabaza amaimba foni ulaliki uli mkati. Koma ndalama ikatsogola kwa munthu amene simudziwa kumene amakhala, nambala ikazima mulibe khomo logogoda.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mankhwala. M'magulu a WhatsApp mukuyenda matiyi "otsuka m'thupi", maufa ochepetsa thupi ndi makapisozi amene akuti amathetsa shuga ndi BP. Popeza timakonda zachilengedwe, ogulitsa amadziwa mawu otikopera. Botolo lilibe dzina la wopanga, lilibe mlingo, ndipo wodwala ena amasiya mankhwala a kuchipatala n'kudalira limenelo, mpaka kufika ku Queens kapena ku Blantyre Adventist Hospital zinthu zitaipa kale. Mankhwala m'dziko muno amayang'aniridwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo famase yovomerezeka imakhala ndi chiphaso chimene mungapemphe kuona. Ngati wina wakutumizirani chithunzi cha botolo lotere, musanalipire, pitani nacho kwa dokotala kapena wa ku famase amene amadziwa mankhwala amene mukumwa kale.