Timphutsi ta m'mizu: onani mutu musanagule mankhwala

Mayi wina wa ku Area 47 amalima letesi m'chipinda chomwe kale chinali galaja. Dothi mulibe. Mbewu zimakhala m'timakapu todzaza ndi ufa wa makoko a kokonati wosakaniza ndi mankhusu ampunga, ndipo madzi osungunuliramo feteleza amayenda m'mapaipi pansi pake. Lachisanu lililonse amapereka katundu kumalo odyera awiri a ku City Centre, ndipo ndalama ya sukulu ya ana imachokera pamenepo.

Tsiku lomwe ndidawachezera ndidawapeza atazula mbande zingapo. Zinkafota masana ngakhale madzi alipo, ndipo pamizu panali timphutsi toyera tikuyendayenda. Botolo la mankhwala anali atagula kale ku Old Town. Wogulitsa sadawafunse kuti timphutsito tikuoneka bwanji. Adangomva mawu oti mphutsi, natenga botolo pashelefu.

Apa ndi pomwe ndalama za alimi a hydroponics zikuthera. Ulimi wopanda dothiwu umadya mpamba wambiri musanakolole ngakhale tsamba limodzi: mapaipi, pampu, feteleza wosungunuka ndi makoko a kokonati ochokera kunja, zomwe mitengo yake imakwera nthawi iliyonse kwacha ikagwa. Kuwonjezerapo botolo lolakwika n'kutaya ndalama kawiri, chifukwa mbewu zimafabe. Komatu timphutsi tokhala m'zodzalamo mbewu tilipo ta mitundu ingapo, ndipo tina n'tosalakwa.

Chofunika ndi pepala loyera ndi kamera ya foni. Tapani pang'ono za m'kapu, mwazani papepalapo, jambulani n'kukulitsa chithunzicho. Funso loyamba ndi limodzi: kodi kamphutsiko kali ndi mutu wakuda?

Ngati thupi lake ndi loyera mbee, loonekera mkati ngati galasi, lotalika osapitirira mamilimita 6, ndipo kumutu kuli kadontho kakuda konyezimira, ameneyo ndiye mdani. Ndi mwana wa kantchentche kakuda ka miyendo italiitali kooneka ngati udzudzu waung'ono, komwe m'mabuku amakatcha fungus gnat. Mukagwedeza kapu timauluka mofooka n'kuteranso pomwepo. Kantchentche kenikeniko sikaluma munthu, sikadya masamba. Owononga ndi ana ake. Amayamba ndi nkhungu ndi zinthu zowola za m'kapu, kenako amatembenukira ku timizu tating'ono tomwe mbewu imamwera madzi, nthawi zina kuboola tsinde lenileni la mbande. Mabala amenewo ndi khomo la matenda owoletsa mizu monga Pythium, ndipo m'mapaipi momwe madzi amodzimodzi amazungulira mbewu zonse, matenda olowa pa kapu imodzi safuna kunyamulidwa.

Kuswana kwake n'kofulumira. Kamkazi kamodzi kamaikira mazira oposa 100 pamwamba ponyowa. Kutentha kukakhala pa madigiri 24, mazira amaswa pa masiku atatu, mphutsi imadya kwa masiku pafupifupi 10, imagona masiku anayi, n'kutuluka kantchentche katsopano. Masiku 17 basi. Letesi asanachoke pa mbande kufika pamsika, mibadwo iwiri imakhala itadutsa. M'chipinda chotsekeka mu Okutobala, kapena nthawi ya dzinja pomwe chinyezi sichichoka, zinthu zimaipa msanga kusiyana ndi mu Juni.

Mbewu yaikulu ya tomato kapena tsabola imapirira. Mbande ndiye sizichedwa. Amene mumagulitsa mbande werengani nokha: pa thileyi ya mabowo 200, mbande imodzi pa zinayi zilizonse ikafa, mwataya 50, pomwe mbewu, madzi ndi magetsi mwalipira za 200.

Pali njira yoyezera yomwe mtengo wake ndi mbatatesi imodzi ya pa Lizulu. Dulani tizidutswa, kanikizani mbali yodulayo pamwamba pa zodzalamo m'makapu angapo, musiye masiku awiri. Mukavundukula, mphutsi za mutu wakuda mudzazipeza zitasonkhana pansi pake. Ine njira imeneyi ndimaikhulupirira kuposa maso okha, chifukwa imakuuzaninso mbali ya chipinda yomwe vuto lakula. Mapepala achikasu omata amagwira tintchentche touluka, ndipo mukawerenga togwidwa sabata ndi sabata mumadziwa ngati tikuchuluka kapena tikutha. Koma musawayese mankhwala. Mphutsi zili pansi, sizifika papepalapo.

Tsono ngati kamphutsiko kalibe mutu wooneka, n'kotuwa, konenepa pang'ono, ndipo kumchira kuli timapaipi tiwiri topumira tooneka ngati mphanda, ameneyo ndi mwana wa shore fly. Kholo lake ndi kantchentche kolimba, kouluka mwachangu, ka madontho asanu oyera pa phiko lililonse. Chakudya chake ndi ndere zobiriwira zomera pomwe kuwala kwakumana ndi madzi a feteleza. Mizu sikadya kwenikweni. Vuto lake ndi la pamsika: kamasiya timadontho takuda pamasamba, ndipo wophika wa ku hotela akaona madontho pa letesi safunsa kuti ndi kantchentche kanji. Amangobweza kireti. Mankhwala ake ndi kuchotsa ndere, kuphimba mapaipi ndi thanki kuti kuwala kusalowe, ndi kukolopa madzi otayikira pansi.

Palinso tinyongolotsi toyera, toonda ngati ulusi, topanda mutu, toyenda modzitambasula ngati nyongolotsi za m'dimba. Timabwera ndi kompositi kapena manyowa, timadya zowola zokha. Tisiyeni. Tikachuluka tikungokuuzani kuti mwanyowetsa kwambiri.

Ena akamva nkhani ya mphutsi m'mizu amathamangira kunena kuti ndi manematodi, omwe alimi a fodya ndi tomato amawadziwa bwino. Amene amatupitsa mizu aja simungawaone ndi maso. Mumangoona timfundo totupa pamizu. Choncho chilichonse chomwe mukuchiona chikuyenda si iwo. M'ulimi wopanda dothi amalowa ndi mbande zofesedwa pansi, kapena mchenga wa kumtsinje wosatenthetsa. Mukaona timfundoto, tengani mizu m'pepala lapulasitiki mukaonetse akatswiri a ku Chitedze Research Station pamsewu wa ku Mchinji kapena a ku Bunda, musanaphatikize mbewu zina m'mapaipi omwewo.

Kenako suzumirani m'thanki. Timphutsi tofiira pansi pa thanki ndi ana a tintchentche tosaluma, ndipo timasonyeza kuti matope aunjikana, thanki ikufuna kutsuka. Koma tija tolendewera pansi pa nkhope ya madzi, tothawira pansi mukagogoda, ndi ana a udzudzu. Tolendewera mopendekeka, mutu pansi, nthawi zambiri ndi ta Culex. Togona chopingasa, mofanana ndi madzi, ndi ta Anopheles, wofalitsa malungo. Magetsi akazima pampu imaima, madzi amadekha, ndipo thanki yosavundikira ili pafupi ndi chipinda chogona ana. Chivundikiro kapena neti yakale yomangidwa bwino pakamwa pa thanki n'zotchipa kuposa ulendo wa kuchipatala.

Za mankhwala. Oyenera mphutsi za mutu wakuda ndi a mabakiteriya otchedwa Bti, omwe amaphanso ana a udzudzu. Ndi omwewo anthu a m'midzi yozungulira Majete ku Chikwawa ankathira m'zithaphwi pa kafukufuku wolimbana ndi malungo. Amapha mphutsi ikawadya, choncho amathiridwa m'zodzalamo, mobwereza sabata iliyonse kwa milungu ingapo kuti mupeze zoswa kumene. Chenjerani pogula: pali Bt wina, wa mtundu wa kurstaki, wophera mbozi za m'kabichi. Dzina likufanana koma pa timphutsiti sagwira. Werengani chizindikiro cha pabotolo, ndipo funsani ngati mankhwalawo adalembetsedwa ku Pesticides Control Board. Ufa wopimidwa m'timapepala topanda dzina, ngakhale utchipe bwanji, usayandikire letesi. Ameneyu amadyedwa wosaphika, ndipo mankhwala olowa m'madzi ozungulira amafika pa mbewu iliyonse.

Kunena zoona, ntchito yaikulu imagwirika popanda botolo. Mazira ndi timphutsi tongoswa sitipirira pouma, ndiye lolani pamwamba pa zodzalamo paziuma pakati pa kuthirira. Ufa wa kokonati umasunga madzi kwambiri, ndipo ambiri amathirira mopyoza poopa kuti magetsi azima. Onjezerani mankhusu ampunga kuti madzi azitsika msanga, makamaka owaula pang'ono pamoto. Zodzalamo zakale musazibwezere osazithira madzi owira kapena kuzifukiza ndi nthunzi. Matumba osatsegula musawasiye panja pamvula. Mazenera ikani neti.

Amene mumagula mbande kwa ena, kaya m'mphepete mwa msewu kapena kunazale, gogodani thileyi musanalipire. Pakauluka tintchentche, zulani mbande imodzi muone mizu. Yoyera ndi yambiri ndi yabwino. Yofiirira, yoduka nsonga, isiyeni, kapena nenererani mtengo mukudziwa chomwe mukugula. Zatsopano zisungeni padera kwa sabata imodzi, mbatatesi ili pamwamba, musanazilowetse m'chipinda.

Mayi a ku Area 47 aja adayika mbatatesi Lolemba. Lachitatu adanditumizira chithunzi pa WhatsApp: makapu a kufupi ndi khoma, komwe paipi imadontha, anali ndi timitu takuda tambiri, pomwe a kukhomo munalibe. Adachotsa mzere umodziwo, namata paipi, n'kuchepetsa kuthirira. Sabata imeneyo adapereka theka la oda ndipo adawauza makasitomala chifukwa chake. Botolo lija likadali pawindo losatsegula, ndipo kusitolo akukana kulilandiranso.