Nyumba za kanema zomwe zinasanduka mabwalo a zisudzo: mafunso ndi mayankho

Ife a ku Metangula tikamva dzina loti Matchedje, maganizo amathamangira ku boma la Sanga, komwe FRELIMO inachitira msonkhano wake waukulu wachiwiri mu 1968. Ku Maputo dzina lomweli analipereka kwa nyumba ina ya kanema, yomwe pambuyo pake inadzakhala ya ochita zisudzo. Nkhani ya nyumba zoterezi ndi yathunso.

Kodi nyumbazi zinamangidwa liti?

Zinamangidwa mu ulamuliro wa Apwitikizi, Maputo akadatchedwa Lourenço Marques. Scala inatsegulidwa mu 1931, ndipo Manuel Rodrigues, yomwe lero timaidziwa kuti Cine África, inatsegulidwa mu 1948. Kwa zaka zambiri khomo la nyumbazi linali lopapatiza kwa munthu wakuda: eni nthaka ankadutsa panja, akuona zithunzi zoitanira anthu, koma mipando inali ya atsamunda.

Nanga mamangidwe ake ndi otani?

Scala ndi Cine África zinatsata kamangidwe kotchedwa Art Deco, kokonda mizere yowongoka, makona osalala ndi dzina lolembedwa m'zilembo zikuluzikulu pamwamba pa khomo. Kunja ankakongoletsa kuti wodutsa akopeke. M'kati, chilichonse chinkatumikira mdima ndi kuwala. Holo inalibe mawindo. Pansi pankatsetsereka kuti mutu wa mnzako usakutchinge. Kumbuyo, pamwamba, kunali kachipinda ka makina, kokhala ndi timabowo totulukira kuwala, komangidwa molimba chifukwa mafilimu akale ankagwira moto msanga.

Chinazimitsa makinawo n'chiyani?

Ufulu utabwera mu 1975, kanema anayamba wakula. Boma linakhazikitsa Instituto Nacional de Cinema, lomwe linkajambula nkhani zotchedwa Kuxa Kanema n'kumazionetsa ngakhale m'midzi ndi magalimoto. Kenaka nkhondo yapachiweniweni inatseka misewu n'kuumitsa chuma, zipangizo zokonzera makina zinasowa, ndipo mu 1991 moto unawononga nyumba ya bungweli. Mtendere utabwera mu 1992, wailesi yakanema ndi makaseti a vidiyo zinali zitayamba kale kusunga anthu pakhomo. Nyumba zina zinatsekedwa, zina zinasanduka matchalitchi.

Tsono zisudzo zinalowamo bwanji?

Mu 1986 mayi Manuela Soeiro anayambitsa gulu la Mutumbela Gogo, ndipo linakhazikika mu Teatro Avenida, nyumba yakale ya kanema pamsewu wa 25 de Setembro. Mlembi wa ku Sweden, Henning Mankell, anagwira nawo ntchito zaka zambiri kufikira imfa yake mu 2015, ndipo nkhani za Mia Couto zinaseweredwa pamenepo. Ndalama za pakhomo zitaperewera, gululi linayamba kuphika buledi wogulitsa kuti ochita zisudzo apeze cholowa. Mu 1992 Gilberto Mendes anayambitsa gulu la Gungu, lomwe linadzaza Matchedje ndi anthu. Cine África nayo inakhala kwawo kwa Companhia Nacional de Canto e Dança.

Kodi si kungochotsa chinsalu choonetserapo kanema basi?

Ayi. Chithunzi sichifuna malo kumbuyo, koma munthu amafuna. Pamafunika nsanja yakuya yoti anthu athamangepo, mbali zobisika zolowera ndi kutulukira, zipinda zovaliramo, ndi zitsulo zopachikapo nyale. Mawu nawo amasintha. Holo ya kanema imameza phokoso kuti zokuzira mawu zimveke bwino, pomwe wochita sewero amafuna makoma omubwezera liwu lake mpaka kwa wokhala kumapeto. Chachikulu koposa n'chakuti kale owonera ankayang'ana anthu a kutali omwe sankawamva, koma tsopano akaseka kapena kung'ung'udza, wa pansanja amamva n'kuyankha.

Ife a kunyanja kuno tiphunzirepo chiyani?

Nyumba siipulumuka ndi penti, imapulumuka ndi anthu olowamo. Avenida ikanagwa denga pakanapanda anthu ouma khosi omwe anati nkhani za Amozambiki ziseweredwe ndi Amozambiki. Kuno ku boma la Lago tili nacho kale chomwe iwo anachita kufunafuna: magule a nganda ndi chiwoda, nthano za agogo, ndi Chinyanja chomwe aliyense amamva popanda womasulira. Choncho tikaona nyumba yakale ili chitsekere, mleme ukuuluka m'kati, tisafulumire kuwerenga njerwa zoti tigumule. Tiyambe tayeza ngati liwu la mwana woima kutsogolo lingafike kukhomo.